Pedalboard: thabwa la pansi pa phazi

Mawu akuti pedalboard ndi achingerezi, ndipo oimba gitala yamagetsi amangowatchula momwemo. Pedal ndi kabokosi koponda ndi phazi kamene kamasintha kamvekedwe ka gitala, kaya kulikhakhalitsa liwu, kaya kulibwereza ngati mukufuula m'phanga. Board ndi thabwa. Tsono pedalboard ndi thabwa, masiku ano kawirikawiri la aluminiyamu, pomwe timabokosito timamatidwa ndi Velcro kuti tisamathawe phazi nyimbo ili mkati.

Mutu umapweteka posankha kukula kwake. Kabokosi ka kampani ya Boss, monga DS-1 kamene kanatuluka mu 1978, ndi mamilimita 73 m'lifupi, 129 m'litali. Koma musawerengere timabokosi tokha. Tizingwe tolumikizira timadya malo m'mbalimu, ndiye palinso chopatsira magetsi a mavolti 9.

Ine ndimati yalani zonse pa katoni, mulumikize, mupondeponde mutavala nsapato, kenaka mulembe malire ndi pensulo. Musiyepo malo a kabokosi kamodzi, poti woimba gitala sakhutira. Musapitirire apo: thabwa lalikululo mudzalinyamula ndinu nomwe, amplifaya yokuzira mawu ili kudzanja linalo.