Mitundu ya Ubuntu ndi kalendala yake

Ubuntu ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsera kompyuta, ya m'gulu limene m'Chingerezi amalitcha operating system, momwe mulinso Windows ndi macOS. Ndi imene imayamba kugwira ntchito munthu akayatsa kompyuta, ndipo mapulogalamu ena onse, monga olembera makalata ndi otsegulira intaneti, amadalira iyoyo. Imapangidwa ndi kampani ya Canonical mothandizana ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ndi wololedwa kuikopera, kuiika m'makompyuta ambiri mmene angafunire, ngakhalenso kugawira ena popanda kulipira.

Ubuntu imadziwika kwambiri ndi kalendala yake. Mtundu watsopano umatuluka miyezi 6 iliyonse, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo tsiku lake limalengezedwa ntchito ikangoyamba. Choncho woigwiritsa ntchito amadziwiratu nthawi imene mtundu wotsatira ufike, komanso nthawi imene umene ali nawowo udzasiye kusamalidwa.

Chiyambi

Amene anayambitsa Ubuntu ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yemwe anabadwira ku Welkom mu 1973. Iye analemera atagulitsa kampani yake ya Thawte kwa VeriSign mu 1999, ndipo mu Epulo 2002 anapita m'mlengalenga pa chombo cha Russia. Mu 2004 anakhazikitsa Canonical, nasonkhanitsa akatswiri ena amene ankagwira ntchito ya Debian. Debian ndi pulogalamu inanso yaulere imene Ian Murdock anaiyamba mu 1993, yomangidwa pa Linux imene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Finland mu 1991. Debian inali yodalirika, koma mitundu yake inkatuluka pokhapokha eni ake akaona kuti yapsa, ndipo nthawi zina pankadutsa zaka. Gulu la Shuttleworth linasankha kutenga ntchito ya Debian n'kumaitulutsa pa nthawi yoikika.

Mtundu woyamba, Ubuntu 4.10, unatuluka pa 20 Okutobala 2004. Dzina loti ubuntu ndi la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi liwu lomwelo limene m'Chichewa limati umunthu.

Manambala ndi mayina

Nambala ya mtundu uliwonse ndi deti chabe. Mbali yoyamba ndi chaka, yachiwiri ndi mwezi. Motero 22.04 inatuluka mu Epulo 2022, pamene 25.10 inatuluka mu Okutobala 2025. Wodziwa lamuloli sangapusitsidwe ndi wogulitsa kompyuta amene akunena kuti muli pulogalamu yatsopano chikhalirecho pakulembedwa 16.04. Nambala imodzi yokha ndi imene imaoneka yachilendo pa mndandanda wonse, ndiyo 6.06. Mtunduwu unayenera kutuluka mu Epulo 2006 koma unachedwetsedwa ndi masabata 6 kuti ukonzedwe bwino, n'kutuluka pa 1 Juni.

Mtundu uliwonse umakhalanso ndi dzina la mawu awiri oyamba ndi chilembo chimodzi, ndipo lachiwirilo limakhala la nyama. Woyamba uja anautcha Warty Warthog, kutanthauza njiri ya njerewere, povomereza kuti ntchitoyo inachitika mofulumira ndipo sinali yosalala. Kuyambira pa Dapper Drake, yemwe ndi 6.06, mayinawa anayamba kutsata alifabeti. Anafika pa Z mu 2017 ndi Zesty Zapus, kenako anabwerera pa A ndi Artful Aardvark. Nyama zina pa mndandandawu n'zodziwika ku Malawi: 12.04 ndi Precise Pangolin, imene ndi ngaka, ndipo 21.04 ndi Hirsute Hippo, mvuu. Zina n'zakutali, monga numbat ndi quokka za ku Australia. Kuyembekezera dzina latsopano kunasanduka kamwambo pakati pa okonda Ubuntu, amene amayamba kulosera nyama yotsatira mtundu wina ukangotuluka.

Mitundu yokhalitsa ndi yapakati

Si mitundu yonse imene imasamalidwa kwa nthawi yofanana. Wa mu Epulo wa chaka chilichonse chogawika ndi 2, monga 2020, 2022 ndi 2024, umatchedwa LTS, kutanthauza kuti udzasamalidwa kwa nthawi yaitali. Canonical imatumiza zokonza zolakwika ndi zotseka mipata yolowera akuba kwa zaka 5, ndipo amene alembetsa Ubuntu Pro amalandira kwa zaka 10. Kulembetsaku n'kwaulere kwa munthu wogwiritsa ntchito payekha makompyuta osaposa 5.

Mitundu itatu imene imatuluka pakati pa ma LTS awiri imasamalidwa kwa miyezi 9 yokha. Kale inkafika miyezi 18, koma nthawiyi inadulidwa kuyambira pa 13.04. Mitundu yapakatiyi ili ngati munda woyeserera mbewu: zinthu zatsopano zimayamba kuikidwa mmenemo, ndipo zimene zachita bwino n'zimene zimalowa mu LTS wotsatira. Wophunzira amene akufuna kuona zatsopano angaikonde. Koma sukulu kapena ofesi imene yaika mtundu wapakati imakhala yadzisenzetsa katundu wosintha pulogalamu kawiri pa chaka.

Kusamalidwa kukatha, kompyuta siizima. Imapitiriza kuyaka ndi kulemba makalata ngati kale, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri sadziwa kuti nthawi yadutsa. Chimene chimaleka ndi zokonza zija, moti mpata uliwonse umene akuba a pa intaneti angautulukire pambuyo pake umakhala wosatseka mpaka kalekale.

Zochitika m'miyezi 6

Ntchito ya mtundu watsopano imayamba patangopita masiku ochepa wina utatuluka. M'miyezi yoyambirira akatswiri amatenga mapulogalamu atsopano kuchokera ku Debian ndi kwina, ndipo tsiku lililonse pamatuluka kope loyeserera limene aliyense angaliyese. Pakatsala miyezi pafupifupi iwiri, khomo la zinthu zatsopano limatsekedwa ndipo mphamvu zonse zimapita pa kusaka zolakwika. Kenako maonekedwe ndi mawu a pa sikirini amasiya kusinthidwa, n'cholinga choti omasulira m'zilankhulo zina ndi olemba malangizo amalize ntchito yawo. Pakatsala masabata ochepa pamatuluka mtundu wa beta, ndipo womaliza nthawi zambiri umatuluka Lachinayi.

Kalendala imeneyi imagwedezeka nthawi zina. Pa 29 Malichi 2024, katswiri wina dzina lake Andres Freund analengeza kuti wapeza khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa mwadala mu xz, kapulogalamu kopanikizira mafayilo kamene kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Apa n'kuti Ubuntu 24.04 ili pafupi kutuluka. Canonical inachedwetsa beta ndi sabata imodzi kuti imangenso mapulogalamu onse amene akanakhudzidwa, komabe mtundu weniweniwo, Noble Numbat, unatuluka pa tsiku lake, 25 Epulo 2024. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Okutobala 2023, fayilo yoikira 23.10 inachotsedwa pa intaneti patangopita maola ochepa, atazindikira kuti wina analowetsa mawu achidani m'kumasulira kwa Chiyukireniya. Inabwezeretsedwa patapita masiku angapo itakonzedwa.

Tsiku lotuluka si tsiku losintha

Amene ali ndi LTS wakale salandira uthenga wowaitana kusintha pa tsiku limene watsopano watuluka. Uthengawo umadikira kope lokonzedwa loyamba, limene nambala yake imathera ndi .1 ndipo limabwera patapita miyezi itatu kapena inayi. Mwachitsanzo, 24.04.1 inatuluka pa 29 Ogasiti 2024. Pofika nthawiyo zolakwika zikuluzikulu zimakhala zitapezedwa ndi amene anathamangira kuika pa tsiku loyamba.

Kwa sukulu za ku Malawi zimenezi zimagwa bwino. Mu Epulo ophunzira a Fomu 4 amene amatenga Computer Studies amakhala akukonzekera mayeso a MSCE a pakati pa chaka, ndipo imeneyo si nthawi yosinthira maonekedwe a kompyuta imene aizolowera. Kope la .1 limafika cha pa tchuthi chachikulu, chaka cha maphunziro chisanayambe mu Seputembala.

Posintha kuchoka pa LTS wina, salumpha. Kompyuta imene ili pa 20.04, yomwe chisamaliro chake cha zaka 5 chinatha mu Meyi 2025, iyenera kudutsa pa 22.04 isanafike pa 24.04. Ngati yatsalira kwambiri, chapafupi n'kusunga mafayilo onse kwina, kufufuta zonse n'kuika mwatsopano.

Makompyuta akale ndi mtengo wa intaneti

Makompyuta ambiri a m'sukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mashopu osindikizira zikalata ku Malawi ndi ogwirapo kale ntchito kunja. Kwa eni ake funso lalikulu pa mtundu uliwonse watsopano silikhala la maonekedwe, koma loti makina awo aunyamula kapena ayi.

Funsoli linakula pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, imene inatuluka pa 29 Julayi 2015. Windows 11, ya pa 5 Okutobala 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko, ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena yofanana nayo. Makompyuta ambiri opangidwa isanafike 2017 sakwanira, ngakhale akugwira ntchito bwinobwino. Ubuntu 24.04 siifuna TPM. Imapempha purosesa ya 64-bit, RAM ya 4 GB ndi malo a 25 GB. Kwa makina ofooka kuposa pamenepa pali abale ake opepuka, Lubuntu ndi Xubuntu, amene amatsata kalendala yomweyo ngakhale ma LTS awo amasamalidwa kwa zaka 3. Palinso Edubuntu, yokonzedwera sukulu, imene inadzutsidwanso mu 2023 itagona kwa zaka zingapo.

Komabe nayonso Ubuntu imasiya makina ena m'mbuyo. Kuyambira pa 17.10 inaleka kutulutsa fayilo yoikira pa makompyuta a 32-bit, ndipo Lubuntu ndi Xubuntu zinatsatira mu 2019. Ndiponso wosintha kuchoka ku Windows ayenera kudziwa kuti Microsoft Office siikidwa mwachindunji pa Ubuntu. M'malo mwake pali LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel koma nthawi zina imasokoneza kayalidwe kake. Wokhala ndi pulinta kapena sikana yakale ndi bwino ayambe waiyesa. Zimenezi n'zotheka osafufuta kanthu, chifukwa Ubuntu imatha kuyaka kuchokera pa fulashi.

Vuto lina ndi kukula kwa fayilo. Mitundu yoyambirira inkakwana pa CD imodzi ya 700 MB, ndipo Canonical inkatumiza ma CD ulere pa positi kwa aliyense wopempha, kudzera m'ndondomeko ya ShipIt imene inatha mu Epulo 2011. Ku South Africa, bungwe la Shuttleworth Foundation linkaika makina otchedwa Freedom Toaster m'malo opezeka anthu ambiri, kuti munthu abwere ndi CD yake yopanda kanthu n'kukoperapo. Lero fayilo ya 24.04 ndi pafupifupi 6 GB. Mphunzitsi wa kudera ngati Chinguluwe m'boma la Salima, amene intaneti yake ndi bandulo ya TNM kapena Airtel pa foni, sangapange dawunilodi yotereyi pa kompyuta iliyonse payokha, ndipo magetsi akathima pakati pa kusintha kudzera pa intaneti, kompyuta ingakane kuyaka. Njira yosaboola m'thumba ndi kukopera fayiloyo kamodzi kokha pamalo pamene netiweki ndi yamphamvu, kuiika pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa, n'kuzungulira nayo makompyuta onse. Lamulo la Ubuntu limalola zimenezi, ndipo fulashi yomweyo ingabwerekedwe ndi sukulu yoyandikana nayo.

Ubuntu 26.04

LTS wotsatira 24.04 ndi 26.04, wotchedwa Resolute Raccoon, ndipo tsiku limene anauikira ndi 23 Epulo 2026. Zambiri za mmene udzakhalire zinaonekeratu mu 25.10, Questing Quokka, umene unatuluka pa 9 Okutobala 2025. Mmenemo timapulogalamu tina tofunika kwambiri ta mkati, kuphatikizapo sudo, tinalowedwa m'malo ndi tolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Rust, chimene chimapewa zolakwika zina zokhudza memori. Maonekedwe a GNOME anasiyanso njira yakale yojambulira pa sikirini ya X11 n'kutsala ndi Wayland yokha. Kusintha kwachiwiriku n'kumene eni makompyuta akale ayenera kuyesa pa makina awo asanafufute chilichonse.

Chisamaliro cha 25.10 chimathera mu Julayi 2026, cha 22.04 mu 2027, cha 24.04 mu 2029, ndipo cha 26.04 chimafika mu 2031.