Kasisi: Tchalitchi Chimene Mzinda Unachipeza

Mlendo akatsika ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda amalunjika kumadzulo kumene kuli nyali za Lusaka. Ndi owerengeka okha amene amadziwa kuti kuseri kwa bwalolo, m'boma la Chongwe, pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere, kuli mishoni ya Akatolika ya Kasisi imene inaona mzindawu ukubadwa. Ife Achewa okhala mu Lusaka tayenera kuidziwa mbiri yake, pakuti ndi mbiri ya alendo amene anadza m'dziko la eni, nagona momwemo.

Amene anatsegula mishoniyi m'chaka cha 1905 ndi Bambo Jules Torrend, wansembe Wachifalansa wa chipani cha Ajezwiti, amene anayamba watumikira m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique. Anali katswiri wa zilankhulo. M'chaka cha 1891 anali atasindikiza kale buku lalikulu lofananiza zinenero za anthu a kuno kummwera kwa Afirika. Pamene iye ankafika pakati pa Asoli ndi Alenje, Lusaka anali malo opumirapo sitima ya pamtunda chabe, otchedwa dzina la nyakwawa Lusaaka. Likulu la boma linasamuka ku Livingstone kudza kuno m'chaka cha 1935, belu la pa Kasisi litalira kale zaka 30.

Pambuyo pake ntchito inagwera Ajezwiti a ku Poland. Mmodzi mwa iwo, Bambo Adam Kozłowiecki, anafika m'chaka cha 1946 atapulumuka m'ndende zoopsa za Auschwitz ndi Dachau, ndipo utumiki wake m'dziko lino anauyambira pa Kasisi pomwepo. Iyeyu ndiye anadzakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka m'chaka cha 1959. Patapita zaka khumi anatula udindowo mwa kufuna kwake kuti mwana wa dziko lino aulandire, ndipo unapita kwa Emmanuel Milingo wa kwathu kummawa. Kunena zoona, si atsogoleri ambiri amene amatsika pampando asanakankhidwe.

Pozungulira tchalitchi panamera zinthu zina. Nyumba yolerera ana amasiye inayamba m'chaka cha 1926 ndi masisitere a Dominican, ndipo m'chaka cha 1928 inaperekedwa kwa masisitere ochokera ku Poland. Pa zaka zimene Edzi inapulula makolo, makanda ochuluka anapeza phala ndi fungatiro pamenepo. Pali sukulu ya sekondale ya atsikana, palinso malo ophunzitsira zaulimi amene Bulazala Paul Desmarais wa ku Canada anawayamba m'chaka cha 1974, amene anatchuka pophunzitsa kulima ndi manyowa m'malo mwa feteleza wogula.

Koma ife chimene chimatigwira mtima koposa ndi manda a pamishonipo. Kwathu manda ndi msitu woopedwa. Mtengo wa kumanda sudulidwa nkhuni, munthu salowako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo adzukulu okha ndiwo amakumba ndi kukwirira. Mchewa aliyense amalakalaka kukagona pafupi ndi makolo ake. Tsono pa Kasisi pagona ansembe ndi abulazala amene anabadwira kutsidya kwa nyanja, amene amayi awo sanaponyepo ngakhale dothi lodzaza dzanja. Anaikidwa ndi akhristu amene anawabatiza okha, ndipo pambali pawo tsopano pagona ana a Zambia a m'chipani chomwecho. Sitiiwala kuti amishoni ambiri a masiku amenewo analimbana ndi miyambo yathu, makamaka Gule Wamkulu, ndipo mabala ake sanapole msanga. Komabe munthu amene walola kuti mafupa ake atsale m'dothi lino sitingamutchenso wodutsa.

Nkhani imeneyi ikutikhudza ife tomwe. Agogo athu anatsika ndi msewu wa Great East kudzafuna ntchito, akumati adzabwerera ku Katete, ku Chadiza kapena ku Chipata akadzapeza ya msonkho ndi ya njinga. Ambiri sanabwerere. Kunyamula maliro ulendo wa makilomita pafupifupi 500 kumafuna ndalama zimene mabanja ambiri alibe, choncho abale athu agona ku Chingwere ndi ku Leopards Hill, pakati pa anthu osawadziwa, ena popanda ngakhale mwala wolembedwa dzina. Mzinda nawo ukukwawira chakummawa, ndipo minda ya ku Chongwe ikudulidwa mapuloti. Ena mwa ogulawo ndife.

Dothi limeneli mwini wake alipo: ndi Asoli, pansi pa Mfumukazi Yaikulu Nkomeshya Mukamambo Yachiwiri, amene amapempha mvula kwa makolo awo pa mwambo wa Chakwela Makumbi monga ife timakalambira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Nawonso ali ndi manda awo akale m'midzi imeneyi. Mchewa wogula puloti ku Chongwe ayambe wafunsa nyakwawa kumene agona akufa a pamudzipo, asanaitane amisiri kudzakumba maziko.