Makanema Akale ndi Mbiri Yathu

Kale, amuna ambiri a kuno ku Marávia anali kupita kukagwira nchito ku Rhodesia, ena m'mapulazi, ena m'migodi. Pobwera kumudzi anali kutisimbira za bayisikopo: nsalu yoyera, nyale yowala, ndi anthu oyenda pansalupo.

M'makomboni a migodi anthu anali kukonda makanema a makaubowi ocokera ku America. Munali akavalo, mfuti, fumbi ndi nkhonya. Ku Copperbelt, kaubowi aliyense wamphamvu anali kuchedwa Jack. Jack akawombera mdani, anthu anali kuimba mluzu ndi kuomba m'manja.

Makanema aja anali okoma, sitikana. Munthu wotopa ndi nchito anali kuiwalako njala ndi kapitao. Koma tiyeni tione bwino. Ambiri mwa adani amene Jack anali kupha anali eni dziko a ku America, amene azungu anawalanda minda ndi madambo. Ifenso nthawi yomweyo tinali pa cibalo ca Apwitikizi. Tinali kuombera m'manja wolanda, osadziwa kuti wolandidwayo ndi mnzathu.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Posakhalitsa boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Mu 1978 bungweli linayamba kupanga Kuxa Kanema, makanema afupi a nkhani za m'dziko. Dzinali litanthauza "kubadwa kwa kanema". Magalimoto anali kunyamula makina ndi nsalu kupita nazo kumidzi. Alimi anaona alimi anzao pansalu.

Mu 1979 Ruy Guerra anajambula Mueda, Memória e Massacre. Ku Mueda, pa 16 Juni 1960, asilikali a Apwitikizi anawombera anthu amene anasonkhana kudzapempha ufulu. Caka ndi caka anthu a kumeneko anali kucita sewero lokumbukira tsikulo, ndipo Guerra anajambula sewero lao lomwelo. Kanemayu ayenda pang'onopang'ono. Mulibe akavalo, mulibe Jack. Koma osimba nkhani ndi eni ake a maliro.

Mu 1985 kunatuluka O Tempo dos Leopardos, ndiko kuti "Nthawi ya Akambuku", wopangidwa pamodzi ndi dziko la Yugoslavia. Uyu ali ndi mfuti zambiri ngati wa makaubowi, koma opambana ndi ankhondo omenyera ufulu.

Nkhondo ya pakati pa abale inatseka miseu yambiri, ndipo magalimoto aja analeka kufika kumidzi. Mu 1991 moto unatentha nyumba ya bungwe lija.

Lero ana athu aonera makanema pa foni. Tisawaletse. Koma tikhale nao pansi, tiwaphunzitse kufunsa: nkhani iyi akusimba ndani? Nanga wogonjayo akadapatsidwa mpata, akadanena ciani?

Tikambirane:
1. Kanema woyamba munamuonera kuti?
2. Ndi nkhani iti ya mudzi wathu imene tingafune kuiona pansalu?