Kukumbukira abale athu a ku Morrumbala amene anawoloka Shire

Sabata ya Khirisimasi ya 2024, mabwato a pa Shire anagwira ntchito yachilendo. M'malo mwa maukonde ndi madengu a nsomba, ankawolotsa amayi obereka makanda, nkhalamba ndi ana, aliyense atafumbata kamtolo kamene anatha kutola pothawa. Ambiri ankachokera m'boma la Morrumbala, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Ena anadzera pa Ruo, mtsinje wothira mu Shire pa Chiromo, kumunsi kwa dambo la Elephant Marsh. Linali dzinja, ng'ona ndi mvuu zili momwemo, komabe anthuwo anaona kuti kuli bwino mtsinje kusiyana ndi zimene anasiya kumbuyo. Mwezi usanathe, akuluakulu a boma ku Nsanje analengeza kuti anthu pafupifupi 13,000 alowa m'dziko muno.

Gwero la zonsezi linali chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Venâncio Mondlane, amene achinyamata ambiri anali pambuyo pake, anakana zotsatira ponena kuti mavoti aberedwa. Pa 19 Okutobala, loya wake Elvino Dias ndi Paulo Guambe wa chipani cha Podemos, chimene chinali pambuyo pa Mondlane, anawomberedwa ali m'galimoto ku Maputo, ndipo palibe amene akanaletsanso anthu kupita kumsewu. Boma linayankha ndi utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo, kenako linatulutsa asilikali a nkhondo kuti athandize apolisi. Pa 27 Novembala dziko lonse lapansi linaonera pa mafoni galimoto ya asilikali ikugunda mayi amene anali pa chionetsero mumzindawo. Pa 23 Disembala bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza kuti Daniel Chapo wa chipani cholamula cha Frelimo wapambana ndi mavoti 65 pa 100 alionse. Apo m'pamene moto unafika mpaka kumidzi. Bungwe la Plataforma Decide linawerenga anthu oposa 300 amene anafa chiyambireni zionetserozo.

Tinene zoona, si onse amene anawoloka Shire ankathawa mfuti ya msilikali. Ambiri ankathawa magulu aukali amene ankatentha maofesi ndi kuphwasula masitolo. Koma zinthu ziwirizi n'zolumikizana. Munthu akavota n'kuona kuti voti yake yasowa, akapita kumsewu n'kukumana ndi chipolopolo, amataya chikhulupiriro mwa bwalo la milandu, mwa wapolisi ndi mwa mfumu yomwe. Otsala m'mudzi ndi amene ali ndi mfuti ndi amene ali ndi chikwanje, ndipo mlimi wamba amanyamula ana ake n'kulunjika kudooko.

Anthu a m'chigwa cha Shire anawalandira alendowa m'nkhokwe muli mbee. Namondwe Freddy anali atakokolola minda ndi nyumba mu Malichi 2023, chaka chotsatira kunabwera ng'amba, ndipo m'midzi ina yozungulira dambo anthu ankadalira nyika zozula m'madzi. Mafuta a galimoto nawo ankavuta, chifukwa zipolowezo zinasokoneza njira za ku Beira ndi Nacala. Komabe anagawana kochepa komweko. Tsidya lino ndi tsidya ilo kuli Asena ndi Amang'anja, amakwatirana, amaikirana maliro, amagulitsana nsomba m'misika imodzi. Kenako boma ndi bungwe la UNHCR anasonkhanitsa othawawo ku Nyamithuthu, ndipo ambiri anabwerera kwawo mu Malichi 2025.

Kwa akuluakulu a ku Nsanje, dzina la Nyamithuthu si lachilendo. Pamalo omwewo panali msasa wa othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Nthawi imeneyo Malawi anasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Chomvetsa chisoni n'chakuti pangano lija linalonjeza kuti mikangano izithera m'bokosi la mavoti, koma patapita zaka 32 anthu anabwereranso kumsasa womwe uja chifukwa cha bokosi lomwelo.

Ife Amalawi tisadzione ngati oyera. Pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu opanda zida pa dooko la Nkhata Bay, n'chifukwa chake tsikulo timakumbukira ofera dziko. Mu Julayi 2011 anthu 20 anafa pa zionetsero zotsutsa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ambiri ndi zipolopolo za apolisi athu omwe. Manda a ku Zolozolo ku Mzuzu ndi mboni.

Chimene chatisiyanitsa ndi anzathu kangapo konse ndi khalidwe la asilikali athu pa nthawi yovuta. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, analanda zida a payoniya, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinachitika anthu asakuopa. Mu Epulo 2012, Bingu atamwalira, General Henry Odillo anakana kupotoza malamulo, ndipo Joyce Banda analumbira. Pa zionetsero za 2019 zokana chisankho cha Tipp-Ex, asilikali a General Vincent Nundwe ankayenda pambali pa anthu kuwateteza, naperekezanso oweruza asanu amene anafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020. Nundwe anachotsedwa pa udindo mwezi wotsatira, koma Amalawi anavotanso pa 23 Juni 2020 ndipo mawu awo anamveka. Palibe wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene anakwera bwato kuthawa chisankho chimenecho.

Mbiri yabwinoyi imatha kuthimbirira. Pa 26 Juni 2025 ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje anavulaza womenyera ufulu Sylvester Namiwa pa chionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo osachitapo kanthu. Msilikali wongoyang'ana mbadwa ikukhapidwa walephera ntchito yake monga walepherera uja wowombera. Mwamwayi chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinadutsa mwabata, ndipo Lazarus Chakwera anavomereza kugonja kwa Peter Mutharika zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Koma bata lotere lisamadalire mtima wabwino wa mtsogoleri mmodzi kapena wa mkulu mmodzi wa asilikali.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pokumbukira amene anafera m'misewu ya Mozambique ndi amene anagona m'matenti ku Nyamithuthu, pempho lathu likupita kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, makamaka a m'chigwa cha Shire amene anaona ndi maso awo: muzifunsa mosaopa nthawi iliyonse asilikali akatulutsidwa kumsewu, walamula ndani ndipo ndi lamulo liti. Kwa inu ana athu ovala yunifolomu, mfuti muli nayoyo inagulidwa ndi msonkho wa munthu amene waima pamzere wovota. Mutetezeni, kaya wasankha amene mumamukonda kapena ayi.