Thumbo Lalikulu

Thumbo lalikulu ndi gawo lomaliza la njira ya chakudya, lotalika pafupifupi mita 1.5. Limayambira kumanja m'munsi mwa mimba, n'kukwera, n'kupingasa, n'kutsikira kumanzere mpaka kotulukira chimbudzi. Ntchito yake ndi kuyamwa madzi otsalira m'chakudya.

Mwana akamaumbika m'mimba, pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10, matumbo amatulukira m'chingwe cha mchombo n'kubwerera atazungulira madigiri 270, motero thumboli limakhala lokhotakhota. Mokhotamo ndi momwe mumavuta pa colonoscopy, pamene dokotala amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kuti afufuze zotupa ndi khansa.

Odwala a ku Petauke ndi Nyimba angatumizidwe kukapimidwa motere ku University Teaching Hospital ku Lusaka.