Kodachrome: Filimu Inapita, Mzimu Wake Ukuyendabe

Tsiku lina mwana wa mlongo wanga anandionetsa chithunzi pa foni yake. Anali iye mwini ataima pansi pa mtengo wa mango, koma maonekedwe a chithunzicho anali ngati a zithunzi zija timasunga m'sutikesi pansi pa bedi: thambo lotuwa, masamba opita kuchikasu, ndi timadontho ngati mchenga ponseponse. Nditamufunsa kuti wachifukula kuti, anaseka.

"Amalume, ndajambula dzulo lomweli. Ndangodina apa kuti chioneke chachikale."

Ndinadabwa. Ife tinakula tikulakalaka zithunzi zowala bwino, tikukangana ndi wojambula wa pa njinga akatibweretsera chithunzi chakuda patatha milungu iwiri. Lero mwana ali ndi kamera yoposa zonse zimene tinazionapo, koma akuidetsa dala kuti ifanane ndi zathu. Kodi maonekedwe amene akuwafunawa anachokera kuti, ndipo ndi zoona kuti kale linkaoneka choncho? Yankho lake lili m'mbiri ya filimu ina yotchedwa Kodachrome.

Kujambula mitundu kunavuta anthu kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1861 katswiri wa sayansi wa ku Scotland, James Clerk Maxwell, anaonetsa kuti mitundu yonse imene diso limaona ingathe kupangidwa pophatikiza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu. Nzeruyo inali yolondola, koma kuiika m'manja mwa munthu wamba kunatenga nthawi. M'chaka cha 1907 abale awiri a banja la Lumière ku France anayamba kugulitsa magalasi ojambulira otchedwa Autochrome, amene ankawazidwa ufa wa mbatatesi wonyikidwa mu utoto wa mitundu itatu. Zithunzi zake zinali zokongola, komatu zinali za pagalasi, zofuna kuti wojambulidwa akhale chete osagwedezeka, ndipo zinkaoneka zamdima.

Amene anadzamasula mfundoyi sanali akatswiri a mankhwala olembedwa ntchito, koma anyamata awiri oimba a ku New York. Leopold Mannes ankaimba piyano, pomwe Leopold Godowsky Jr. ankaimba vayolini. Anadziwana ali pasukulu, ndipo m'chaka cha 1917 anakaonera limodzi kanema wina amene ankalengezedwa kuti ndi wa mitundu. Anatulukamo atakhumudwa, nagwirizana kuti iwo angachite bwino kuposa pamenepo. Kwa zaka zoposa khumi ankayesa njira zosiyanasiyana m'khitchini ndi m'bafa, akupeza ndalama zina mwa kuimba. Mkulu wa kafukufuku ku kampani ya Eastman Kodak, Kenneth Mees, anawathandiza ndi zipangizo, ndipo cha m'ma 1930 anawaitanira ku Rochester kuti akagwire ntchito kumeneko. Popeza filimu ya mitundu imatsukidwa mumdima wandiweyani momwe sungaone wotchi, awiriwa ankayeza nthawi mwa kuimba mluzu nyimbo ya Brahms. Anzawo a pantchito anadula maina awo nawapatsa dzina lanthabwala lotanthauza kuti Mulungu ndi Munthu.

Kodachrome inatuluka m'chaka cha 1935 ngati filimu ya kanema ya mamilimita 16, ndipo m'chaka cha 1936 inabwera ya makamera a zithunzi ya mamilimita 35. Chinsinsi chake chinali chotere. Pa kansalu kamodzi ka filimu anayalapo timiyalo titatu topyapyala zedi, kena komva kuwala kwabuluu, kena kobiriwira, kena kofiira. Mu filimumo munalibe utoto ngakhale pang'ono. Utoto unkalowetsedwa nthawi yotsuka, umodziumodzi, myalo uliwonse ndi utoto wake. Chifukwa cha ichi zithunzi zinkatuluka zakuthwa, ndipo utotowo unali wolimba, makamaka atakonza njira yotsukira m'chaka cha 1938. Chithunzi cha Kodachrome chosungidwa mumdima chimatha zaka makumi ambiri chisanasuluke. Koma mtengo wake unali woti palibe munthu amene akanatsuka filimuyi kunyumba kwake kapena m'kasitolo ka m'tauni. Pankafunika makina aakulu ndi akatswiri oyang'anira mankhwala, motero wojambula ankaika filimu m'kamvulopu, kuitumiza pa positi, ndi kudikira.

Maonekedwe amene anthu akuwasirira lerowa anabadwa kuchokera ku zofooka za filimuyi. Inali yaulesi pomva kuwala: yoyambirira inali ya liwiro la ASA 10, ndipo ngakhale zodziwika za m'zaka zotsatira zinali za 25 ndi 64. Choncho anthu ankajambula dzuwa likuswa mtengo, kapena m'mawa ndi madzulo pamene kuwala kuli kofunda. Filimuyi sinkatha kusunga powala kwambiri ndi pamdima kwambiri nthawi imodzi, kotero ojambula ankateteza powala n'kusiya mithunzi kuti ide bii. Zotsatira zake zinali zofiira zozama ngati magazi, thambo labuluu wolemera, ndi mithunzi yakuda yopatsa chithunzi thupi.

Ndi maso amenewa dziko linaonera mbiri yake. Chithunzi cha Tenzing Norgay ataima pamwamba pa phiri la Everest m'chaka cha 1953, chimene anajambula Edmund Hillary, chinali cha Kodachrome. Kanema wa masekondi ochepa amene Abraham Zapruder anajambula ku Dallas pa 22 November 1963, pamene Pulezidenti John F. Kennedy ankawomberedwa, anali wa Kodachrome. M'chaka cha 1984 Steve McCurry anajambula mtsikana wa ku Afghanistan, Sharbat Gula, mu msasa wa othawa kwawo ku Pakistan, ndipo maso ake obiriwira pansi pa mpango wofiira anatuluka pachikuto cha magazini ya National Geographic mu June 1985. Ku Utah kulinso malo osungirako zachilengedwe amene anapatsidwa dzina la filimuyi, Kodachrome Basin.

Koma palibe mfumu imene imalamulira muyaya. Kunabwera mafilimu ena osavuta kutsuka, monga Ektachrome ya Kodak yomweyo ndi Velvia imene kampani ya Fuji inatulutsa m'chaka cha 1990. Ndipo mdani wamkulu anabadwira m'nyumba momwemo. M'chaka cha 1975 injiniya wachinyamata wa Kodak, Steven Sasson, anapanga kamera yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu oposa atatu, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Akuluakulu a kampani sanafulumire nayo, poti chuma chawo chinali mu filimu. Pa 22 June 2009 Kodak inalengeza kuti yasiya kupanga Kodachrome, patatha zaka 74. Mpukutu womaliza kutuluka m'fakitale unapatsidwa kwa McCurry. Pa nthawiyo malo otsukira filimuyi anali atatsala amodzi okha pa dziko lonse, Dwayne's Photo m'tauni yaing'ono ya Parsons ku Kansas, ndipo nawonso analandira mipukutu yomaliza pa 30 December 2010. Mu January 2012 kampani ya Kodak inapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole.

Chodabwitsa n'chakuti maliro asanathe, mzimu unali utayamba kale kuyenda. Kukonza mitundu ya chithunzi, kumene akatswiri amakutcha colour grading, si ntchito yatsopano. M'malo otsukira makanema munkakhala munthu amene ntchito yake inali kuonjezera kapena kuchepetsa kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu posindikiza, kuti zigawo za kanema zigwirizane. Koma iye ankasintha chithunzi chonse pamodzi, sakanatha kukhudza masamba n'kusiya nkhope. Kompyuta ndi imene inasintha zimenezi. M'chaka cha 2000 kunatuluka kanema wa abale a Coen wotchedwa O Brother, Where Art Thou? Nkhani yake inali ya m'zaka za m'ma 1930, ndipo eni ake ankafuna dziko louma, lafumbi, ngati la pa positikadi yakale. Koma anajambula ku Mississippi m'nyengo imene mitengo ndi udzu zinali zobiriwira kwambiri. Wojambula wawo, Roger Deakins, analowetsa kanema yense mu kompyuta, nasandutsa zobiriwirazo kukhala zachikasu ndi zofiirira ngati udzu wa m'chilimwe. Ameneyu amawerengedwa ngati kanema wamkulu woyamba wa ku Hollywood kukonzedwa mitundu yense pa kompyuta.

Chimene chinali cha akatswiri a ku Hollywood sichinachedwe kufika m'thumba la aliyense. Kumapeto kwa 2009 kunabwera Hipstamatic, pulogalamu ya pa foni yotsanzira makamera akale. Mu October 2010, miyezi yosakwana itatu Dwayne's Photo isanasiye kulandira Kodachrome, kunabadwa Instagram ndi mafiluta ake okalambitsa zithunzi. M'chaka cha 2014 Fujifilm inaika m'makamera ake maonekedwe otchedwa Classic Chrome, amene ojambula ambiri amati amawakumbutsa zithunzi za m'magazini akale.

Kodi wokonza chithunzi amachita chiyani kwenikweni? Kamera yamakono imalemba kuwala mwa manambala, ndipo manambala angathe kupindidwa. Poyamba amasintha kusiyana kwa powala ndi pamdima: wofuna Kodachrome amazamitsa mithunzi, pomwe wofuna chithunzi cha papepala chakale amatuwitsa zakuda kuti zisade bii. Kenaka amafewetsa powala kwambiri, chifukwa filimu ya negativi inkafika poyera pang'onopang'ono pamene kamera ya manambala imangodula mwadzidzidzi. Akatero amagwira mtundu uliwonse pawokha: zobiriwira amazikokera kuchikasu, zofiira amazizamitsa, powala amathirapo kufunda, m'mithunzi amathiramo kabuluu. Pomaliza amawaza timadontho tija, totsanzira tinjere ta siliva ndi utoto timene tinkapanga chithunzi pa filimu, ndipo ena amaonjezera kachizimezime kofiira kozungulira nyali, kamene kankabwera kuwala kukaboola filimu n'kubwerera. Zonsezi zingasungidwe ngati ndondomeko imodzi yoti wina angodina, monga anachitira mwana wa mlongo wanga.

Apa mpamene tiyenera kuima ndi kuganiza, pakuti pali zinthu ziwiri zimene wodinayo sauzidwa. Choyamba n'chakuti zambiri zimene timazitcha maonekedwe akale ndi matenda a ukalamba chabe. Zithunzi za papepala za m'zaka za m'ma 1970 zimene zili m'maalubamu athu zimaoneka zofiirira chifukwa utoto wina unasuluka msanga kusiya unzake. Tsiku limene zinkatuluka mu studio sizinali choncho. Diresi la ukwati la amayi linali loyera, thambo linali labuluu. Tikamatsanzira kusulukako, tikutsanzira zimene chinyezi ndi kutentha zinachita, osati zimene makolo athu anaona.

Chachiwiri n'chachikulu koposa, ndipo chimatikhudza ife eni khungu lakuda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera makina osindikizira. Pa khadipo panali mzimayi wachizungu, ndipo makadi onse otere anadzatchedwa Shirley potengera dzina la woyamba kujambulidwapo. Makina akatulutsa bwino khungu la Shirley, ankati ali bwino. Khungu lakuda silinali muyezo wa aliyense. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, m'kafukufuku amene anasindikiza m'chaka cha 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyi kukonza mitundu yakuda ndi yofiirira anali opanga chokoleti ndi ogulitsa mipando ya matabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakusiyanitsika pa zithunzi zotsatsira malonda. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Aliyense amene anaonapo chithunzi cha ukwati chimene chovala cha mkwatibwi chikuwala koma nkhope za akwati zangotsala maso ndi mano akudziwa mtengo wa muyezo umenewu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fyuluta yozamitsa mithunzi ndi kutuwitsa zofiirira ikhoza kukongoletsa khoma lakale ndi galimoto yofiira, koma pa nkhope yakuda imafafaniza zomwe kamera yamakono inali itakwanitsa kusunga.

Sindikunena kuti achinyamata asiye. Mannes ndi Godowsky anatiphunzitsa kuti mitundu ya chithunzi ndi chosankha cha munthu, osati chigamulo cha chilengedwe, ndipo pali zabwino zoti titengeko: kudikira kuwala kwa madzulo, kusadzaza mitundu yonse pa chithunzi chimodzi, kuganiza tisanadine monga ankachitira munthu wokhala ndi mpukutu wa zithunzi 36 zokha. Koma pokonza mitundu, muyezo ukhale khungu la amene wajambulidwayo. Likaoneka lamoyo, lokhala ndi kufiirira kwake ndi kunyezimira kwake, zina zonse zitsatire pambuyo. Ndipo chithunzi choyambirira chisungidwe osachikhudza, pamodzi ndi tsiku lake, kuti adzukulu asadzasokonezeke poyesa kuti chaka cha 2025 chinali 1975.

Madzulo a tsiku lija ndinatulutsa sutikesi, ndipo tinakhala pakhonde tikuona alubamu. Mnyamatayo anakhalitsa pa chithunzi cha agogo ake aakazi ali mtsikana, ataima pafupi ndi maluwa a pulasitiki mu studio, nkhope yawo itamira mumdima. Anachijambula ndi foni yake, nayamba kukankha timizere tija chobwerera: kuchotsa kufiirira, kukweza mithunzi pang'onopang'ono. Patapita kanthawi masaya anaoneka, kenaka kampata ka pakati pa mano, kamene iyenso ali nako.

"Amalume," anatero, "kodi ankaseka pa chithunzichi?"

Ankasekadi. Zaka zonsezi sitinkadziwa.