Momwe Mayi Analowera M'chipinda cha Makanda Osakwana Masiku

Tikamva za mwana wobadwa masiku asanakwane, ambirife timaganiza za kabokosi kagalasi kotenthetsera makanda kaja. Kanayamba kugwira ntchito ku Paris cha m'ma 1880 m'manja mwa dokotala Stéphane Tarnier, ndipo kapulumutsa ana osawerengeka. Koma pambuyo pake panadza mwambo wina. Pakati pa zaka za m'ma 1900, zipatala zambiri za ku Ulaya ndi ku America, poopa matenda, sizinkalola mayi kukhudza khanda lake. Ankangolisuzumira pawindo. Anamwino ankaphunzira kuyeza mkaka wam'chitini, ndipo tsiku lotuluka likamakwana, bere la mayi limakhala litauma kale.

Zinthu zinayamba kusintha kudera losauka. M'chaka cha 1978, pa chipatala cha Instituto Materno Infantil ku Bogotá, m'dziko la Colombia, timabokosi tinkachepa moti makanda ankagonekedwa angapo m'kamodzi, n'kumapatsirana matenda. Dokotala Edgar Rey Sanabria anayesa kumangirira khanda pachifuwa pa mayi ake, thupi ndi thupi, lizimva kutentha kwake ndi kumwa mkaka wake. Iyi ndiyo njira ya kangaroo.

Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu inagwera anamwino ndi azamba, ngakhale mbiri imakonda kutchula madokotala. Khanda lobadwa mimba isanafike masabata 34 nthawi zambiri silitha kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana. Choncho mayi ayambe kufinya mkaka patangopita maola ochepa chibadwire mwana, kasanu ndi katatu kapena kuposa patsiku, usiku womwe. Timadontho toyamba tachikasu tija timaperekedwa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, kenaka m'kakapu, bere n'kubwera pomaliza. Mayi wamantha, mwina wochitidwa kumene opaleshoni, sangazidziwe yekha zimenezi. Pafunika namwino wokhala naye pansi, wodziwa kumuonetsa kagwiridwe ka bere, wosathamangira botolo akaona mkaka ukuchedwa. Luso lotere silinali m'maphunziro akale.

Phindu la mkakawo linaoneka poyera mu 1990, pamene Alan Lucas ndi Tim Cole a ku Britain anapeza kuti nthenda yoopsa yoononga matumbo, necrotising enterocolitis, inkagwira makanda omwa mkaka wam'chitini wokha kuwirikiza ka 6 mpaka ka 10 poyerekeza ndi omwa wa m'mawere wokha. Mu 1991 mabungwe a WHO ndi UNICEF anakhazikitsa Baby-Friendly Hospital Initiative, ndipo imodzi mwa mfundo zake 10 ndi yophunzitsa ogwira ntchito. Komatu mfundozo zinalembedwa poganizira ana okwana masiku. Buku lapadera lonena za makanda ang'ono ndi odwala linatuluka mu 2020. Tangowerengani zaka zapakatipo!

Kwathu sitinatsalire. Ku Zimbabwe, Nils Bergman anagwiritsa ntchito kangaroo pa chipatala cha mishoni cha Manama, nalemba zotsatira zake mu 1994. Ku Malawi njirayi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo inali yofunika zedi: lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse akubadwa masiku asanakwane.

Nthawi yonseyi lamulo linali lakuti khanda liyambe lapezako mphamvu lisanaikidwe pachifuwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, wochitikira ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi pa Queen Elizabeth ku Blantyre, anayesa kuyamba kangaroo mwana akangobadwa. Pakati pa makanda olemera kuyambira kilogalamu 1 mpaka pafupifupi 1.8, imfa za m'masiku 28 oyamba zinatsika ndi magawo 25 pa 100. Kuti zitheke, zipatalazo zinalowetsa mabedi a amayi m'chipinda momwemo mwa makanda odwala, ndipo anamwino anaphunzira kupereka mpweya ndi mankhwala kwa mwana ali pachifuwa. Mu 2022 bungwe la WHO linasintha malangizo ake motsatira zimenezi.